Bwanji mtsikana wokana amangofa m'nkhani zathu?

Madam Nachisale: Mwaswera bwanji nonse. Pepani ndalowa ndi nkhani usiku uno koma yandisowetsa mtendere kuyambira masana. Lero ku kalabu yathu yowerenga ija ya Lachitatu, ana a Fomu 3 kuno ku Kawale, tili mkati mwa The River Between ya Ngugi, nde titafika poti Muthoni wamwalira kamtsikana kena kamene m'kalasi sikayankhulayankhula kanangokweza mkono nkuti Madam, bwanji mtsikana aliyense amene wakana zonena akulu amafa? Ndinati ukutanthauza chani. Akuti teremu yatha munatiuza za Juliet wa mu sewero la Romeo and Juliet anafa, uyunso wafa, ngakhale mu nthano ya agogo anga mtsikana wokana amuna uja anakwatiwa ndi fisi. Anzake anaseka ine sindinaseke. Ndamuuza kuti ndimuyankha sabata ya mawa koma kunena zoona yankho ndilibe. Ndithandizeni abale

Thoko wa ku Bunda: Eeh mwana ameneyo musamutaye Madam. Funso limenelo ine linandibwerera ndili kale ku koleji

Yami Mabuku: Ndipo akunena zoona mwanayo. Ine mabuku akale amene ndimayala pansi ku Bwalo la Njobvu ndimawerenga podikira makasitomala, onani. The Bride Price ya Buchi Emecheta, 1976, Aku-nna wathawa ndi mnyamata amene abale ake amamukana chifukwa makolo ake anali akapolo, malowolo sanalandiridwe, mapeto ake wafa pobereka. Anowa ya Ama Ata Aidoo, 1970, wakana amuna onse wasankha wake yekha, mapeto wadziponya m'madzi. Muthoni mwamutchula kale. Mndandanda wa maliro okhaokha

Agogo Mbewe: Ana inu musanaweruze nthano yathu ija muyambe mwaimva bwino. Ambiri mumangodziwa mutu wake. Padangokhala

Tiya Area 25: Tili tonse agogo

Thoko wa ku Bunda: Tili tonse

Agogo Mbewe: Panali namwali wokongola m'mudzi. Anyamata a m'mudzimo kubwera kudzafunsira, iye ayi, uyu wafupika, uyu mano ake, uyu kwawo nkhokwe ndi imodzi. Tsiku lina kunatulukira mlendo wovala bwino, woyankhula mokoma, palibe amene ankadziwa kwawo ngakhale mfunda wake. Namwali anamulola tsiku lomwelo. Akulu anati dikira tifufuze, iye ayi. Mwamunayo anati ine chikamwini sindikhala, ndikumutenga. Ali pa ulendo kamlongo wake ka namwaliyo, kamanthongo m'maso, kanawatsatira, iye nkumakathamangitsa kuti ukundichititsa manyazi bwerera. Kanakakamira. Atafika anakagoneka m'khola la nkhuku. Pakati pa usiku kanamva afisi akuzungulira nyumba, ena akuti timudye ena akuti ayi sananone. Kutacha kanamuuza mlongo wake, sanakhulupirire. Usiku wotsatira kanamanga chingwe ku chala cha kuphazi kwa mlongo wakeyo, afisi atabwera kanakoka chingwe, anadzuka nadzimvera yekha, mwamuna wake ali patsogolo pa gululo. Kamnyamata kanasema nguli, kanaika mu dengu, onse awiri nkulowamo, kanaimba nyimbo dengu linauluka mpaka kwawo. Tsono ndikufunseni, namwaliyo anafa?

Tiya Area 25: Sanafe

Agogo Mbewe: Sanafe. Ndipo cholakwa chake sikunali kukana ayi, kunali kulola munthu wosadziwika kwawo ndi kuchoka pakati pa mbumba yake kupita kumene kulibe nkhoswe. Ife Achewa mwamuna ndi amene amabwera kwa mkazi, mkazi amakhala pa dothi la amayi ake, akamuzunza alongo ake ali pompo. Nthanoyi imateteza zimenezo. Lero fisi uja amabwera pa foni, akuti ntchito ilipo ku Oman pasipoti tikupangira, atsikana athu angati amene anakavutikira kumeneko mpaka kulira pa WhatsApp kuti tibwezeni kwathu. Makolo aja sanali opusa

Thoko wa ku Bunda: Agogo ndakumvani ndipo za ku Oman zo nzoona. Koma ndiloleni ndikutsutseni pang'ono mwaulemu. Nthanoyi imayamba ndi chani? Imayamba ndi kutionetsa mtsikana akukana, ndipo wofotokoza aliyense amakometsa pamenepo kuti timuone ngati wonyada, uyu wafupika uyu mano, kuti fisi akamabwera tonse tizinena mumtima kuti zakukwana. Bwanji siyamba ndi mtsikana amene malume ake anamupereka kwa fisi chifukwa fisiyo anabwera ndi mbuzi? Amenewo ndi ochuluka kuposa onyadawo. Chachiwiri, amene watamandidwa pamapeto ndani? Kamnyamata. Mtsikana wabwerera mu dengu ngati katundu, mutu uli pansi, mudzi wonse ukumuyang'ana. Sanafe inde koma pakamwa pake pafa, sadzanenanso ayi moyo wake wonse

Madam Nachisale: Thoko mawu amenewo oti pakamwa pake pafa andilasa

Agogo Mbewe: Mdzukulu wanga uli ndi mfundo, sindikana. Koma nthano imaphunzitsa chinthu chimodzi pa nthawi, siingasenze zonse

Kondwani Biwi: Ndalowa mochedwa ndinali pa mzere wa mafuta. Ine ndikufuna ndibweretse Antigone chifukwa tinasewerapo ku sekondale ine ndinali mlonda. Sewero la Sophocles la ku Greece, zaka zoposa 2400 zapitazo. Alongo ake awiri a Antigone aphana pa nkhondo yolimbirana ufumu, mfumu yatsopano Creon yalamula kuti mmodzi aikidwe mwaulemu winayo Polyneices asiyidwe pamtunda agalu ndi mbalame zimudye, ndipo wokamuika aphedwa. Antigone anapita yekha kukathira dothi pa mtembo. Tsono chimene aphunzitsi athu sanatiuze ndinachizindikira ndekha ndili wamkulu, Creon uja ndi mlongo wawo wa amayi ake a Antigone. Ndi malume ake enieni! Mwa Chichewa ndi mwini mbumba. Tangoganizani mtsikana wosakwatiwa kuima pabwalo nkuwauza malume ake amenenso ndi mfumu kuti lamulo lanu ndi laling'ono pali lina lalikulu kuposa inu. Pa nkhani ya maliro! Kwathu ku Mitundu mtsikana sayankhula nkomwe pa zokambirana za maliro, amakhala ku madzi ndi ku nkhuni

Tiya Area 25: Nayenso anafa koma eti

Kondwani Biwi: Anafa, anamutsekera kuphanga nkudzimangirira. Koma taonani amene watsala. Mwana wa Creon amene ankafuna kumukwatira Antigone wadzipha, mkazi wa Creon wadzipha, mfumu yatsala yokha ikulira kuti ndalakwa ndine. Nde Madam mwina mukamuuze mwanayo kuti imfa zili mitundu iwiri m'mabukumu. Pali imfa yoti wolemba akumulanga mtsikana, ndi imfa yoti wolemba akuimba mlandu mudzi. Funso nkumati pamaliropo amene akuchita manyazi ndani

Madam Nachisale: Iyi ndailemba Kondwani zikomo

Yami Mabuku: Koma achimwene vuto ndi loti mudzi sumva choncho. Mu The Bride Price muja Emecheta amamaliza ndi kunena kuti nkhani ya Aku-nna inasanduka yoopsezera atsikana obadwa m'mbuyo, kuti ukathawa malowolo osaperekedwa ufa pobereka. Ndiye kuti mtsikana wolimba mtima uja anthu anamusandutsa nthano ya fisi yomweyo. Ndipo mayi ameneyu ankadziwa chimene akulemba, buku limeneli atalilemba koyamba ku London mwamuna wake analiwotcha, iye anachoka pa banjapo ali ndi zaka 22 nkulera yekha ana asanu nkudzalilembanso patapita zaka. Wolembayo anapulumuka koma mpangankhani wake anamupha, ine chimenecho chimandizunguza mutu mpaka lero

Mayi Nankhoma: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma pano ndiyankhulepo. Ana anga mukuombera m'manja mtsikana aliyense wonena ayi, koma mwaiwala Muthoni anakana chani. Bambo ake Joshua anali mkhristu wolimba, anawaletsa ana ake za mdulidwe wa atsikana umene Akikuyu ankachita. Muthoni anathawa kwa bambo ake kupita kwa azakhali ake kuti akavinidwe, akuti akufuna akhale mkazi weniweni mwa mtundu wake, bala lija ndi limene linamupha. Tsono ndikufunseni inu a masiku ano, mwana wanu atathawa pakhomo kupita ku chinamwali cha kumudzi chimene inu mwamuletsa, mudzamutcha ngwazi? Kapena ngwazi ndi yekhayo amene akuthawira kumene inu mukufuna, ku sukulu ndi ku tauni?

Thoko wa ku Bunda: Mayi apa mwandigwira sindinama

Kondwani Biwi: Funso lovuta ilo

Mayi Nankhoma: Ine ndimalangiza atsikana ku mpingo zaka zambiri, ndaona onse awiri. Wina amakana chifukwa waona chinthu choipa chimene akulu sakuchiona, wina amakana chifukwa anzake amunamiza. Kunja amaoneka chimodzimodzi, onse akuti musandiuze zochita. Ndipo china, mabuku anuwa amakonda wothawa, wotsala samuwerengera. Antigone anali ndi m'bale wake Ismene amene anaopa, Muthoni anali ndi Nyambura. Mayi anga ine anatsala pa banja lowawa ku Nsaru chifukwa anati ndikachoka ana asanu ndi mmodziwa adya chani, analima fodya ndi manja awo mpaka tonse tinaphunzira. Sananenepo ayi mokweza tsiku ndi limodzi lomwe. Amene uja si ngwazi?

Tiya Area 25: Ndi ngwazi mayi palibe angatsutse. Koma ndi mawu omwewo amene amatipha nawo, akuti pirira amako anapirira, banja ndi kupirira. Ine ku ntchito kuchipatala ndimalandira ana a zaka 14, 15 ali ndi mimba thupi lisanakhwime, ena amatuluka ndi fistula moyo wawo wonse wasokonekera, ukafunsa amayi ake akuti tinamuuza apirire. Nde ine ndikaona buku limene mtsikana wanena ayi ngakhale afe pamapeto ndimati bola mwana wina awerenge adziwe kuti mawu amenewo aliko ndipo amatuluka pakamwa pa munthu ngati iye

Thoko wa ku Bunda: Ndaganizira funso la Mayi Nankhoma lija. Ine ndikuona ngati chimene chimamupanga Muthoni kukhala wamkulu si kumene anapita koma kuti anakana kugawidwa pakati, ankafuna chikhristu cha bambo ake ndi mtundu wake zonse pamodzi, akulu a mbali zonse ziwiri ndi amene anati sankha chimodzi. Mdulidwewo ine sindingauvomereze ngakhale pang'ono ndipo unamupha. Koma mtima wofuna kusankha yekha ndi womwewo. Nde inde mayi ndivomere, mwana wanga atathawira kumene ine sindikufuna zingandipweteke ndipo mwina ndingamutche wamwano ngati mmene anthu ananditchulira ine nditakana kusiya sukulu ya ulimi kuti akuti ndi ya amuna

Mayi Nankhoma: Wayankha ngati munthu wamkulu mwanawe

Madam Nachisale: Koma abale palibe amene anakana nkukhala ndi moyo? Ndikufuna ndipite ndi dzina ngakhale limodzi

Yami Mabuku: Alipo Madam. Tambu wa mu Nervous Conditions ya Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, 1988. Ndipo ameneyu ana anu amumva msanga chifukwa ndi moyo wathu womwewu. Ndalama ya fizi yachepa pakhomo, akuti apite mnyamata Nhamo, bambo ake nkumamufunsa Tambu ngati mabuku angawaphike kudyetsa mwamuna. Iye anapempha mbewu nkulima kamunda kake ka chimanga kuti agulitse mondokwa apeze fizi, mlongo wake yemweyo nkumaba chimangacho kugawira anzake. Aphunzitsi ena a Matimba ndi amene anamutengera ku tauni ya Umtali kukagulitsa, mzungu wina wokalamba nkupereka mapaundi 10. Koma mwayi weniweni wopita ku sukulu ya mishoni unabwera Nhamo atamwalira, poti panalibenso mnyamata wina womutumiza

Tiya Area 25: Ndiye kuti kuti mtsikana adutse mpaka wina afe ndithu

Yami Mabuku: Ndipo msuweni wake Nyasha amene ankayankha bambo ake maso ndi maso anadwala, anasiya kudya mpaka kuchipatala. Ndiye m'buku limodzi muli wopulumuka ndi wosweka

Kondwani Biwi: Wina ndi Jane Eyre, 1847. Mwana wamasiye, anakana kukhala chibwenzi cha bwana wake atadziwa kuti ali ndi mkazi kale, anachoka usiku wopanda kanthu, kenako anakananso m'busa amene ankafuna kumukwatira kuti akatumikire naye ku India. Sanafe. Koma muone chimene chinamuimika, m'bale wa bambo ake anamusiyira chuma mapaundi 20,000. Ndipo wolemba wake Charlotte Brontë anatulutsa bukulo ndi dzina loti Currer Bell kuti anthu asadziwe kuti ndi mkazi

Thoko wa ku Bunda: Mu So Long a Letter ya Mariama Bâ ya 1979 namonso, Aissatou mwamuna atatenga mkazi wachiwiri iye analemba kalata nkutenga ana ake kumapita, anaphunzira anapeza ntchito yabwino mpaka kumugulira mnzake galimoto. Ndikuona ngati pali chinthu apa, amene apulumuka onse pali sukulu kapena ndalama kapena munthu amene anawagwira dzanja. Amene afa anali okha

Agogo Mbewe: Ehee. Ndiye mwabwerera ku kamnyamata kamanthongo kaja. Amene mumati kanalanda ulemu ka mlongo wake. Popanda wokoka chingwe ku chala munthu amadyedwa ali mtulo

Thoko wa ku Bunda: Agogo mwandipezanso kkk. Koma ndikanakonda tsiku lina wokoka chingweyo akhale mtsikana mnzake

Madam Nachisale: Nanga athu a kuno? Ana akandifunsa kuti a ku Malawi ali kuti. Mabuku a Chichewa amene ife tinakula nawo, Nthondo ya Ntara ya 1933 ikutsata moyo wa mwamuna kuyambira kubadwa, Kukula ndi Mwambo ya Gwengwe dzina lokha likunena. Sindikuwanyoza ndimawakonda koma mtsikana wonena ayi nkukhala wolondola ine sindinakumane naye m'kalasi ya Chichewa

Yami Mabuku: Walije Gondwe analemba Love's Dilemma mu 1985 mu gulu la mabuku a Pacesetters aja, amatchulidwa kuti ndi mayi woyamba wa ku Malawi kutulutsa novelo. Ndikalipeza silikhalitsa pa mpando wanga. Koma inde ndi ochepa Madam, ndipo m'Chichewa ndiye kovuta

Kondwani Biwi: Athu ambiri sali m'mabuku ali m'thumba. Tulutsani K200 muone nkhope. Rose Chibambo anasonkhanitsa amayi nthawi ya chitaganya, mu 1959 anamangidwa atangobereka kumene nkupita ku ndende ya Zomba ndi khanda, mwanayo anamutcha Gadi. Atasemphana ndi Kamuzu mu 1964 anadzathawira ku Zambia nkukhalako zaka pafupifupi 30. Vera Chirwa loya woyamba wachizimayi m'dziko muno, anagwidwa ndi amuna awo a Orton mu 1981, anaweruzidwa kuti aphedwe, a Orton anafera m'ndende mu 1992 iye anatuluka mu January 1993, ndipo analemba yekha mbiri yake Fearless Fighter. Koma dzina loti Ngwazi dziko lino linalipereka kwa munthu mmodzi wamwamuna zaka zonse zija, amayi ntchito yawo inali kuvina atavala nkhope yake

Agogo Mbewe: Muonjezere Makewana wa ku Msinja konkuno ku Lilongwe cha ku Dzalanyama. Mvula ikavuta mafumu ankatumiza nthumwi kwa mayi ameneyu, sankakhala pansi pa mwamuna aliyense. Mphamvu ya mkazi siinabwere ndi sitima ya azungu ayi

Tiya Area 25: Koma dziko lomweli kuyambira 1973 mkazi kuvala thalauza unali mlandu mpaka nthawi ya matipate, ndipo January 2012 mavenda anavula amayi m'tauni muno chifukwa cha thalauza ndi siketi yaifupi, ine ndinali pa depoti tsiku lina la masiku amenewo ndinathawira mu shopu ya mmwenye ndikunjenjemera. Anyamata omwe aja mwina ku sukulu anayankha bwino funso la Juliet nkukhoza. Pa pepala timamukonda mtsikana wolimba mtima, akatsika minibasi timamukuwiza

Mai a Pemphero: Pepani ine sindinawerenge mabuku mukutchulawa anandilowetsa mu gulu muno ndi Madam chifukwa mwana wanga ali mu kalabu yawo koma nkhaniyi yandikhudza ndilembe ngakhale molakwitsa. Ine ndinathawa kwathu ndili ndi zaka 16 ndili Sitandade 8, malume anga analandira ndalama kwa bambo wina wa fodya amene anali ndi akazi awiri kale, anandiuza Lachisanu kuti Lamulungu ukulowa m'nyumba, amayi anga analira koma anati mlongo wanga ndi mwini mbumba ine ndinganene chani, nthawi imeneyo lamulo linkalola makolo akavomera. Loweruka usiku ndinatuluka ngati ndikupita kuseri ndinayenda wapansi mpaka kwa aphunzitsi athu, akazi awo ndi amene anandibisa kukhitchini nkundipatsa ya basi ndi chitenje chimodzi, anandiuza kuti ukafike ku Lilongwe kwa m'bale wawo akakupezera sukulu. Sukuluyo sinapezeke. Ndinagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu ena zaka zitatu, miyezi ina osandilipira akuti ukudya konkuno, bambo a m'nyumbamo anayamba kugogoda pa chitseko changa usiku ndinathawanso kachiwiri. Kumudzi anandipanga nthano, mwana aliyense wamkazi akayankha ankati ufuna ukhale ngati uje anapita kukachita uhule ku tauni, amayi anga anamwalira ndisanawaone chifukwa malume anati ndikaponda pamudzipo andionetsa, uthenga wa maliro unandipeza atawaika kale m'manda. Pano ndili ku Chinsapo ndimagulitsa tomato ndi anyezi, ndinakwatiwa ndi mwamuna amene ndinamusankha ndekha ndi wa kabaza sitilemera koma sanandimenyepo. Nde ndimamva mukuti wina anafa wina anapambana, ine sindinafe komanso sindinakhale nesi amene ndinkafuna, kaya m'buku angandiike mbali iti. Koma mukandifunsa ngati ndingathawenso usiku uja ndingathawe, chokhacho ndikanadzutsa amayi anga nkuwatsanzika

Tiya Area 25: Asisi ndalira

Mayi Nankhoma: Mwana wanga Mulungu akutonthoze. Mayi ako ankadziwa, mayi amamva chitseko chikamatseguka usiku. Anangokhala chete kuti upite

Mai a Pemphero: Mayi mawu amenewo palibe anandiuzapo zaka zonsezi. Zikomo

Agogo Mbewe: Ine ndine malume wa ana ambiri ndipo ndawerenga kawiri zimene mwalemba mayi. Chimene anachita malume anuwo si mwambo, mwini mbumba ntchito yake ndi kutchinga mbumba osati kuigulitsa. Koma ndisabise, ndinaonapo zotere kwathu kangapo ndili mnyamata ndipo sindinatsegule pakamwa. Thoko unanena kuti bwanji nthano siyamba ndi mtsikana amene malume anamupereka kwa fisi. Ndaganiza, amene ankatiuza nthano zija kumphala ndi pamoto anali agogo aakazi, iwowo anali atazionapo zimenezi. Mwina sakanatha kutchula malume pamaso pa ana ndi malume ali khonde lomwelo

Thoko wa ku Bunda: Kapena ankanena mobisa agogo, fisi wovala bwino wobwera ndi katundu amene mudzi wonse wamulandira

Kondwani Biwi: Pano bola lamulo linasintha, la mabanja la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu February 2017 aphungu anakonza malamulo aakulu a dziko kuchotsa mpata uja woti wa zaka 15 akwatiwe makolo akalola. Ndi atsikana omwe amene anakankha, Memory Banda anayamba kulimbana nazo ali mwana ataona mng'ono wake atatenga mimba ali ndi zaka 11, ndipo Inkosi Kachindamoto ku Dedza inkathetsa maukwati a ana nkuwabwezera ku sukulu, mafumu ang'onoang'ono olekerera nkuwaimitsa

Tiya Area 25: Lamulo lilipo achimwene koma ku wodi kwathu ana aja sanasiye kubwera

Yami Mabuku: Mai a Pemphero funso lanu loti angakuikeni mbali iti, ine mabuku onse amene ndagulitsa sindinaonemo munthu ngati inu, amene wakana, walipira, ndipo m'mawa mwake wadzuka kukaoda tomato. Olemba amakonda kutseka ndi maliro kapena ukwati chifukwa nkosavuta. Zaka 20 zotsatirazo palibe amazilemba

Madam Nachisale: Mai a Pemphero ndili ndi pempho koma mukhoza kukana, ndipo mukakana sindidandaula. Lachitatu likudzali mungabwere ku kalabu? Ine ndiwauza za Antigone ndi malume ake, za Tambu ndi munda wake, ndi funso la Mayi Nankhoma lija ndikawafunsa momwemo osalifewetsa. Koma mwana uja anafunsa ngati onse amafa, ndikufuna aone munthu ndi maso

Mai a Pemphero: Iii Madam ine kuima pamaso pa ana a sekondale ndi Sitandade 8 yanga, komanso Pemphero wanga ali momwemo zambirizi sadziwa, amangodziwa kuti kumudzi sitipita

Mayi Nankhoma: Uyambe wamuuza iye kunyumba muli awiri, asamvere pagulu. Ukafuna ndibwera ndidzakhale nawe pomuuzapo

Mai a Pemphero: Bwerani mayi Lamulungu mukaweruka ku tchalitchi, ndikutumizirani malo kumbali. Madam ndikayankhula naye ndikuuzani Lolemba. Koma ndikabwera musakanene kuti ndine ngwazi mungoti mayi ake a Pemphero, ndipo ikhale itadutsa 2 koloko chifukwa m'mawa ndimakhala ku msika

Madam Nachisale: Timayamba hafu pasiti 2, ya kabaza ndilipira ine

Yami Mabuku: Madam Nervous Conditions ndili nayo imodzi chikuto chinachoka koma masamba onse alipo, ndimupatsira mwana wofunsa uja ulere. Mutume wina adzatenge mawa isanakwane 4, mitambo ikumachita mdima masanawa ndikumalongedza msanga